Mayi Amene Ankamalizira Mwamuna Wake Mawu

Pamudzi wina kufupi ndi msika wa Lizulu panali mayi amene mwamuna wake anadwala matenda onjenjemeretsa, amene kuchipatala amati Parkinson. Kale bamboyo anali nkhoswe ya mabanja ambiri, ndipo akamalankhula pamaliro, anthu okhala kutali pansi pa mitengo ankamva bwinobwino. Matendawo anayambira kudzanja lamanja. Patapita zaka anafika kumawu. Bambo akafuna kulankhula, milomo inkayamba koma mawu ankachedwa, ndipo akatuluka ankakhala ngati kunong'ona.

Mayiyo ankamukonda mwamuna wake, ndipo sankafuna kuti munthu wolemekezeka chotero achite manyazi. Bambo akangotsegula pakamwa, iye ankafulumira: "Madzi? Tikutulutseni padzuwa?" Bambo ankangogwedeza mutu, pakuti kuvomera kunali kopepuka kuposa kumaliza. Anthu akabwera kudzazonda, mayi ankayankha moni m'malo mwake: "Adzukako bwino, akuthokoza."

Bambo sankasowa kanthu. Ankasamba, ankadya, mankhwala osaphonya. Koma pofika nyengo yokolola anali atatsala pang'ono kusiyiratu kuyesa kulankhula. Nyumba inati zii. Mayi ankakumbukira mmene mwamuna wake ankamuitanira pochokera kumunda, asanafike n'komwe pabwalo, ndipo ankalakalaka atamvanso dzina lake kamodzi kokha mawuwo asanatheretu.

M'mawa wina ali pakhonde, mayi akusenda mtedza, anaona milomo ya bambo ikugwedera. Anafuna kudzuka kukatenga madzi monga mwa masiku onse, koma lichero linali lodzaza pamiyendo pake. Pofuna poliika, anayang'ana nkhope ya mwamuna wake, naona kuti maso akumupempha kuti asachoke. Sanadzuke. Anasendeza mphasa pafupi, natseka pakamwa.

Kudikirako kunali kowawa. Kawiri konse mawu anafika palilime pake, iye nawameza. Potsiriza bambo anati, pang'onopang'ono, "Anachisale... mkono wanu uja... ukupwetekabe?"

Mkonowo mayi anaupweteka m'nyengo ya dzinja, pomudzutsa bambo kubafa, ndipo sanauze aliyense.

"Kani munaona, abambo?"

Bambo anagwedeza mutu. Miyezi yonseyo ankafuna kufunsa zimenezi, ndipo nthawi iliyonse ankapatsidwa madzi.

Abale anga, mayiyu sanali woipa. Anatumikira ndi mtima wonse, koma ankayankha asanamve. Ifenso timatero ndi Mulungu. Timadandaula kuti wakhala chete, chonsecho tikagwada timafunsa tokha, n'kumuyankhira tokha, n'kudzuka kupita kukamugwirira ntchito. Timaganiza kuti akatiitana ndiye kuti akufuna kutituma. Mwina akungofuna kufunsa za bala limene sitinauze munthu. Mukamapemphera sabata ino, musafulumire kunena ameni. Khalani kaye pansi, mumulole amalize.