Asodzi Ofulatira a Che Atumani

Kuseri kwa nyumba ya Che Atumani ku Monkey Bay kunali kachisakasa ka malata anayi, konunkha penti ndi parafini. Ntchito yawo inali yolemba mayina pa maboti a asodzi, koma penti ikatsalira m'chitini sankaitaya. Ankatola matabwa a maboti otha ntchito n'kujambulapo zimene maso awo aona tsikulo: amuna akukoka khoka, amayi akuyanika usipa, wakabaza akulimbana ndi chitunda. Chachilendo chinali chimodzi. Anthu onse a m'zithunzi zawo anali ofulatira. Unkaona misana, mapewa, zitenje ndi zipewa, koma nkhope ayi.

Amene anazitulutsa zithunzizi m'chisakasa anali a Bryson Kamwendo, mphunzitsi wa ku Ntcheu amene boma linawatumiza kudzagwira ntchito kunyanja. Anazijambula pa foni n'kuziika pa tsamba la intaneti limene anatsegula m'dzina la mkuluyo. Chaka chisanathe, matabwa amene akanathera pamoto anayamba kukwera basi kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ena mpaka kunja kwa dziko. Awiriwa anasanduka pachibale. Pa Idi a Bryson ankakadya mpunga kwa Che Atumani, ndipo pa Khrisimasi Che Atumani ankabwera kudzawazingira nkhuku ndi dzanja lawo kuti onse adyere limodzi.

Za nkhopezo a Bryson sanafunsepo. Anali atadziyankha kale mumtima: nkhope n'zovuta kujambula, mkuluyu sanaphunzire zojambula kusukulu, ndiye amazizemba. Kufunsa ankakuona ngati kuvula munthu wamkulu pagulu.

M'chaka chachisanu maso a Che Atumani anachita ng'ala, ndipo mwana wawo anawatenga kupita nawo ku Blantyre kukadikira opaleshoni. Ali komweko, a Bryson analandira uthenga wa mayi Rejoice Chikaonda a ku Lilongwe, amene ankasonkhanitsa zojambula ndipo anali kale ndi matabwa asanu ndi awiri a Che Atumani. Mayiwa ankakonza chionetsero, ndipo ankafuna chithunzi chatsopano pasanathe masabata atatu.

A Bryson anapita kwa mayi Ajira, mkazi wa Che Atumani, n'kuwapeza akupeta mpunga pakhonde.

"Mayi, mwayi waukulu wagwa, koma eni ake kulibe. Musadandaule. Pa foni pano pali pulogalamu. Ndikaipatsa zithunzi zawo zonse, iphunzira dzanja lawo n'kutulutsa chatsopano."

"Foni ili ndi dzanja, aphunzitsi?"

"Ili ndi nzeru, mayi."

"Ndiye nzeru zakezo muimbire nazo eni ake. Akudwala ndi maso. Makutu ali bwinobwino."

A Bryson anaseka, n'kupempha kiyi wa chisakasa. Foniyo sanaimbe. Ankafuna kuti mnzawo akamabwera adzapeze dzina lake litakwera pamwamba, adzangoti kukamwa yasa.

Pulogalamu ija inagwira ntchito ya mwezi m'kuphethira kwa diso. Inatulutsa asodzi asanu akukoka khoka, utoto wake womwewo, kupindika kwa misana komweko, onse ofulatira. Ngakhale dzina loti Atumani inaliika pakona, poti nalonso inali italiphunzira. A Bryson anachiyang'ana chithunzicho kwa nthawi yaitali. Kenaka anaganiza zomuthandiza mnzawo pa chimene ankati chimamukanika. Analamula makinawo kuti awatembenuze asodziwo. Nkhope zisanu zinatulukira, zosalala, mano oyera mbee, ngati anthu oti sanagonepo panyanja.

A Bryson anakachisindikiza chithunzicho pansalu ku Mangochi boma, anachimata pa thabwa la m'chisakasa, n'kupakapo vanishi. Chisanakwere n'komwe basi, anachiika pa tsamba lija ndi mawu akuti: "Kwa nthawi yoyamba, Che Atumani aonetsa nkhope." Anthu anachikonda. Chinadumpha kuchoka foni iyi kupita foni iyo, mpaka chinafika m'mafoni a anthu amene amaswali mzikiti umodzi ndi mkuluyo.

Che Atumani anabwera diso limodzi likuona bwino, atavala magalasi akuda. Lachisanu loyamba, potuluka mumzikiti, a Nasir ogulitsa nsomba anawatchingira njira ndi foni m'manja.

"Che Atumani, tionetseni adokotala anuwo. Sabata ziwiri zokha, maso atseguka mpaka kuona zimene bambo anu anakuletsani?"

Ena anaseka. Achikulire amene ankawadziwa malemu bambo awo sanaseke. Che Atumani anavula magalasi, anayang'ana chithunzicho ndi dzina lawo pakona, anabweza foniyo ndi manja awiri, n'kumapita.

M'mawa mwake anafika kunyumba ya aphunzitsi. Anakana tiyi. Anakhala pa mpando wa pakhonde, kofia ali m'manja.

"Aphunzitsi, anthu aja ndi ndani?"

"Ndi asodzi anu omwe aja, Che Atumani. Ndangowatembenuza. Ndimati ndikupepuzeni, poti nkhope zimavuta."

"Zimavuta?"

Mkuluyo anatola khala limene linagwa pa mbaula, nawerama. A Bryson anaona dzanja likuyandikira simenti, likuyendayenda m'malere ngati likudziwa bwino kopita. Koma khalalo silinakhudze pansi. Analiponya kuja.

"Ndili ndi zaka khumi ndi zinayi ndinajambula nkhope ya amayi anga pa chikuto cha kope. Aliyense anaizindikira. Bambo anga anali mwalimu wa madrasa. Sanandimenye. Anangoti, 'Dzanja ili wakupatsa ndi Mulungu, sindingalidule. Jambula madzi, jambula maboti, jambula thukuta la anthu. Koma nkhope usiyire Amene anaiumba.' Ndinalonjeza. Alipo Asilamu anzanga amene amajambula nkhope, sindiwaweruza. Ine ndinalonjeza. Zaka makumi asanu, aphunzitsi."

"Sindinkadziwa."

"Zaka zisanu tadyera mbale imodzi. Mukanandifunsa tsiku lililonse, ndikanakuuzani tisanasambe n'komwe m'manja."

A Bryson anati achichotsa, alemba kuti wolakwa ndi iwo, apita okha kumzikiti kukafotokoza. Che Atumani anavomera ndi mutu chilichonse. Anawonjezapo ziwiri zokha: mayi a ku Lilongwe aja auzidwe zoona, ndipo tsambalo litsekedwe.

Zonsezo a Bryson anachita. Koma chithunzi chikalowa m'mafoni a anthu chili ngati mchere wogwera m'nyanja, suutolanso. Kulikonse kumene chinafika chinapita ndi dzina la Atumani, ndipo kupepesa kwa aphunzitsi kunkatsalira m'mbuyo. Mayi Chikaonda anabweza thabwalo osalipachika. Mu uthenga wawo munalibe chipongwe, munali funso lokha: pa zithunzi zisanu ndi ziwiri zimene anali nazo kale, ndi ziti zimene zinadutsadi m'manja mwa munthu? Zonse zinali zenizeni, koma amene akanawatsimikizira anali yemweyo amene anawanamiza.

Diso lachiwiri nalo linakonzedwa, ndipo lero Che Atumani amaona bwino kuposa zaka khumi zapitazo. Amalembabe mayina pa maboti, zilembo zowongoka ngati kale. Matabwa akutha amawasiya pomwe agona. Munthu wina atawafunsa chifukwa chake, anati msana uliwonse umene angajambule tsopano, alipo wina amene angautembenuze iwo ali m'tulo.

A Bryson akadali pasukulu yomweyo. Akakumana ndi Che Atumani panjira amapatsana moni wonse, kufunsana za kunyumba ndi za m'thupi, kenaka aliyense n'kulowera kwake. Palibe anakalipa, palibe anatengerana kubwalo. Aphunzitsiwo sanali wakuba kapena wankhanza. Anali munthu wofuna zabwino amene anafunsa makina zonse, n'kulephera kufunsa mnzake funso limodzi. Anapeza chisa cha njuchi, n'kudziuza yekha kuti mbali yotsekemera akuidziwa. Paja akale anati safunsa anadya phula.