Tsamba Long'ambidwa ndi Dzina la Khanda

Kalekale, koma osati kale la makolo athu, nthawi imene mafoni anali atafika koma netiweki inkapezeka pamwamba pa chulu pokha, panali ophunzira atatu a ntchito yosunga mabuku. Mayina awo anali Lonjezo, Ndaziona ndi Mayeso. Anali m'chaka chomaliza ku koleji, ndipo lamulo linali lakuti aliyense achite pulojekiti yothandiza anthu, ailembe m'buku, aipereke kwa aphunzitsi kuti alandire digiri. Onse atatu anatumizidwa ku laibulale yaing'ono ya pa msika wa Chigwenembe, m'mbali mwa msewu wopita kuchipatala.

Woyang'anira laibulaleyo anali a Likongwe, munthu wokonda anthu, koma wokonda mabuku koposa. Ukanyowetsa chala ndi malovu potsegula tsamba, iwo ankatsokomola. Ukapinda kona ya tsamba, ankakuyang'ana ngati wapha mbuzi ya eni ake.

Lonjezo anasankha kulemba za zomera za m'deralo zimene zimavulaza ana akadya. Miyezi inayi anayenda wapansi. Ankafunsa amayi m'madimba, abusa a ng'ombe ndi alangizi a zaumoyo. Chomera chilichonse ankachijambula, n'kulemba mayina ake onse, ndipo zimene wamva ankakazitsimikizira kwa madokotala ku boma asanazilembe. Agalu anamuthamangitsa kawiri, nsapato zake zinatha zidendene. Pamapeto pake anatulutsa buku la masamba mazana awiri, lachikuto cholimba chabuluu. Linali limodzi lokha, chifukwa kompyuta yake inafa tsiku lotsatira atangosindikiza.

Ndaziona sanayende. Iye anakhala pa tebulo ndi bokosi la makadi, akulemba chimene chili m'buku lililonse ndi tsamba limene chili, kuphatikizapo buku la Lonjezo. Koma makadi a zomera sanawasanje motsata zilembo monga anaphunzitsidwira. Anawasanja motsata maonekedwe: zakuda pazokha, zofiira pazokha, zotuluka mkaka pazokha, zonga mtedza, zonga nandolo.

"Iwe, aphunzitsi akakuona ndi zimenezi akakubweza chaka choyamba," anatero Lonjezo.

"Aleke andibweze," anayankha Ndaziona. "Kholo limene mwana wake akusanza silidziwa dzina lachilatini. Limangodziwa kuti kanthuko n'kakuda."

Mayeso, kunena zoona, kulemba kunkamugonetsa tulo. Iye anakonza njinga yakale ya amalume ake, n'kumangirira bokosi kumbuyo, n'kumayendetsa mabuku m'midzi. Lachiwiri ankapita kusikelo ya ana, Lachisanu kusukulu. Njira zachidule zonse ankazidziwa, ndipo anthu akamva belu lake ankati, "A Mabuku afika!"

Pa msika womwewo panali telala wina, a Kachingwe, amene anali atangosamukira kumeneko ndi akazi awo a Nankhoma, omwe anali oyembekezera, ndi mwana wawo wa zaka zitatu dzina lake Fatsani.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ophunzira aja akapereke mabuku awo, kunagwa mvula yamphamvu masana. Lonjezo anali atapita kokameta kuti akaoneke bwino pamaso pa aphunzitsi. Mwadzidzidzi a Kachingwe analowa mu laibulale atanyowa chapuchapu, Fatsani ali paphewa, wofooka, akusanza.

"A Mabuku, njinga! Akabaza onse abisala mvula. Mwanayu wadya zinthu kumpanda. Ndipatseninso mchere ndi madzi, ndimumwetse asanze zonse zituluke."

"Dikirani kaye, bambo," anatero Ndaziona. "Wadya chiyani?"

A Kachingwe anatulutsa timbewu tiwiri timene anapeza m'thumba la kabudula wa mwanayo. Dzina la timbewuto sankalidziwa. Ndaziona anangoyang'ana kamodzi, n'kukoka kabati. Zakuda. Zonga mtedza. Zapampanda. Khadi lachitatu linati: buku la Lonjezo, tsamba 89. Mayeso asanamalize kumasula bokosi panjinga, bukulo linali litatsegulidwa kale. Chithunzi chinafanana ndendende. M'munsi mwake munalembedwa kuti mwana amene wadya zimenezi asakakamizidwe kusanza, asamwetsedwe madzi amchere kapena mafuta, athamangire naye kuchipatala ndipo mbewuzo zipite nawo.

"Ndiye mcherewo ayi?" anafunsa a Kachingwe.

"Ayi ndithu. Kwerani njinga."

Mayeso anayang'ana bukulo, n'kuyang'ana mvula panja. Adokotala anafunika kuona tsambalo, koma buku lonse likanafika litasanduka phala. Anagwira tsamba 89 n'kulikoka. Kwee! A Likongwe anaimirira, pakamwa pali yasa. Mayeso anapinda tsambalo, n'kuliika m'kapepala ka shuga kapulasitiki, n'kulilowetsa m'malaya.

Mlatho wa pamsewu unali utamizidwa ndi madzi, koma Mayeso anadziwa njira ya kumtunda yodutsa kuseri kwa tchalitchi. Anapalasa m'matope, bambo ndi mwana ali kumbuyo, mpaka tcheni inaduka chipatala chikuonekera, ndipo kotsalako anathamanga atanyamula mwanayo yekha. Adokotala anali achilendo m'deralo ndipo mayina akumudzi a chomeracho sankawadziwa, koma ataona chithunzi ndi dzina lake la m'mabuku, anachizindikira. Nthawi yomweyo anamuika Fatsani diripi. Patapita masiku awiri mwanayo anali akulirira mandasi.

Lonjezo atabwera kokameta, mutu uli mbee, anatsegula buku lake napeza tsamba 88 likutsatana ndi 91. Anakhala pansi. Tsamba lija linabwerako madzulo lili makwinyamakwinya, ndipo a Likongwe analimata ndi guluu uku akudandaula ngati akusoka bala. Aphunzitsi anamuchotsera Lonjezo malikisi angapo chifukwa cha buku losaoneka bwino. Anamuchotseranso Ndaziona chifukwa chosatsata malamulo a kasanjidwe, ndipo Mayeso chifukwa buku lake linali lopyapyala ngati kabuku ka nyimbo za kwaya. Komabe onse anakhoza.

Patapita mwezi, a Nankhoma anachira mwana wamkazi. Atatuluka m'chikuta, banjalo linaitana atatu aja pamodzi ndi a Likongwe. Anakhala pakhonde, pafupi ndi makina osokera, akumwa thobwa.

"Ife abale athu ali kutali," anayamba a Kachingwe. "Tagwirizana kuti amene anapulumutsa Fatsani ndiye atche dzina mlongo wakeyu. Akhala mnzake wa dzina, wapabanja pano mpaka kalekale. Koma takambirana usana wonse, sitikugwirizana kuti ndani."

"Apa palibe mlandu," anatero Lonjezo. "Zimene zinali patsamba lija anazifufuza ndani? Agalu analuma ndani? Popanda ine, khadi la Ndaziona likanaloza khoma, ndipo Mayeso akananyamula pepala lopanda kanthu."

"Agaluwo sanakulume, anangokuthamangitsa," anatero Ndaziona. "Ndipo tsiku limenelo unali kuti, achimwene? Unali pampando wa ometa. Buku lako lili ndi masamba mazana awiri. Bambowa akanayamba tsamba loyamba, mwana akanamwa kale mchere asanafike ngakhale pa mawu othokoza aja unalemba masamba atatu. Chinthu chimene sichingapezeke pa nthawi yake n'chimodzimodzi kulibe."

Mayeso anapukuta thobwa pamilomo. "Inu nonse mwalankhula bwino, ngati m'kalasi. Koma ndifunseko: khadi lili ndi matayala? Buku limadziwa njira ya kuseri kwa tchalitchi? Mwana sachirira mu laibulale, amachirira kuchipatala. Ndipo ndani mwa inu akanalimba mtima kung'amba tsamba a Likongwe akuona?"

"Tsamba la mwini wake!" anakuwa Lonjezo. "Ukanang'amba lako!"

"Langa likanatha lonse," anatero Mayeso, ndipo onse anaseka mpaka khanda linadzidzimuka.

Anafunsa a Likongwe maganizo awo. Iwo anati mwana anachira, Mulungu alemekezeke, koma munthu wong'amba buku sayenera kupatsidwa khanda kuti alinyamule, angalichotse khutu.

A Kachingwe anakanda m'mutu. "Nanga bwanji aliyense atche lake, akhale ndi mayina atatu?"

"Ayi, bambo a Fatsani," anatero a Nankhoma. "Mwana wanga si minibasi yoti aliyense akwere. Mnzake wa dzina amakhala mmodzi. Ine ndikuti Ndaziona, chifukwa ndi amene anakuletsani mchere uja. Ndikaganiza zimenezo mpaka lero mtima umandigunda."

"Ine ndinali panjinga paja," anatero a Kachingwe. "Ndinamva mmene mnyamatayu ankapumira. Ndikuti Mayeso."

"Ndiye ine wopanda wondiikira kumbuyo?" anafunsa Lonjezo. Fatsani, amene sankamva chilichonse cha nkhaniyi, anabwera n'kukhala pamiyendo pake chifukwa ndi amene anali pafupi ndi mbale ya mandasi.

"Mwaona," anatero Lonjezo, "mwini wake wasankha."

Thobwa linatha, mlandu osatha. Sabata inapita, ina n'kupitanso, mwana akungotchedwa Khanda. Tsiku lopita naye kusikelo linayandikira, ndipo pakhadi lake pamafunika kulembapo dzina.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, thandizani banja la a Kachingwe. Wina anasonkhanitsa nzeru koma pa tsiku la ngozi panalibe. Wina sanatuluke m'nyumba koma anapeza tsamba loyenera mwana asanamwe mchere. Wina sanalembe chilichonse cha patsambalo, analing'amba m'buku la mnzake, koma ndi amene anafikitsa mwana m'manja mwa adokotala. Akanakhala mwana wanu, mukanamupereka m'manja mwa ndani kuti amutche dzina: Lonjezo, Ndaziona kapena Mayeso?