Maliro a Ana a Nachisale

Ana inu mumafulumira kutontholetsana. Mnzanu akangoyamba kulira, mwafika kale ndi "basi, basi," ngati misozi yakeyo ikunyowetsa inu. Khalani pansi ndikuuzeni kumene kunachokera mwambi wina.

Kale, m'mudzi wa Kanyerere munali mayi wina dzina lake Nachisale. Akazi anzake onse ankaitanidwa ndi mayina a ana awo, uyu amake uje, uyo amake uje. Iye yekha anakalamba ndi dzina la kwa bambo ake, chifukwa iye ndi mwamuna wake Kaduya sanaonepo mwana. Anali wansangala, wolimbika kumunda, ndipo anthu ankati nkhani ya ana anaizolowera.

Chovuta chinali pamaliro. Mukudziwa kuti amayi akamalira m'nyumba ya siwa amatchulanso abale awo amene anatsogola. Nachisale naye ankalira, koma mayina ake anali achilendo.

"Ulemu mwana wanga ine! Dziwani iwe! Tayamika, wandisiyira yani?"

Anthu ankayang'anana. M'mudzimo simunakhalepo Ulemu, kumanda kunalibe Dziwani. Ena anati mwina anabereka kwina asanakwatiwe, koma kwina kuti, munthu woti ulendo wake wautali unali wa kuchigayo? Ena anati ndi mizimu. Kenaka mtsikana wina woyembekezera, amene apongozi ake anali atakonza zodzatcha mwana Tayamika, anamva dzinalo m'siwa ndipo anathawira kunja ndi mantha. Kuyambira tsiku limenelo mawu akuti ufiti anayamba kunong'onedwa kuchitsime.

Mkulu wake wa Nachisale, amake Sitola, anachita mantha kuti mng'ono wake adzathamangitsidwa m'mudzi. Pamaliro otsatira anakhala naye moyandikana, ndipo atangoti "Ulemu," anamutseka pakamwa ndi dzanja.

"Khala chete, mng'ono wanga. Ukufuna akuwotchere nyumba?"

Nachisale anakhaladi chete. Tsoka lake, sanayambirenso. Anasiya kulira, anasiya kuseka, kenaka anasiya ndi kudya komwe. Ankangokhala m'nyumba atayang'ana khoma. Asing'anga anabwera, wina anati ndi mutu waukulu, wina anati anamuponda, koma mankhwala onse anapita pachabe ndipo mayiyo anali kutha anthu akuona.

Amake Sitola anapita kwa Kaduya, namupeza akuluka mkeka pakhonde.

"Alamu, ndiuzeni zoona. Ulemu ndani?"

"Ndi mwana wathu woyamba," anatero Kaduya osadzutsa mutu.

"Mwana uti? Mng'ono wanga anaimapo liti ine osadziwa?"

"Sanaimepo."

"Nanga mwanayo anamwalira liti?"

"Sanabadwe, alamu."

Amake Sitola anagwira m'mutu. Anaganiza kuti matenda aja alowa nyumba yonse.

Kaduya anaika mlaza pansi. "Titangokwatirana tinasankha dzina, tinkati chaka chino. Chaka chinatha. Tinasankha lina, nalonso linatsala. Mayinawo tinakula nawo m'nyumba muno. Inu mwana wanu atamwalira, mudzi wonse unabwera ndi ufa ndi nkhuni, tinagona kwanu. Nanga ife tikanaitana anthu kuti abwere adzaone chiyani? Mkazi wanga ankabwereka maliro a eni ake. Pamene paja ndi pokhapo pamene munthu amalira osafunsidwa."

Kunena zoona, amake Sitola sanamvetse zonse. Munthu angalire bwanji mwana amene sanamubereke kumbuyo, amene ngakhale nkhope yake saidziwa? Koma anayang'ana dzanja lake lija ndipo anachita manyazi kwambiri.

M'mawa mwake, dzuwa litakwera, anamanga nsalu m'chiuno, nakhala pansi pakhomo la mng'ono wake, n'kuyamba kubuma.

"Ulemu, mwana wa mng'ono wanga ine! Dziwani! Tayamika!"

Mudzi wonse unathamangira komweko. Amayi anafika atasenza nkhuni, ena atayamba kale kulira asanadziwe amene wamwalira. Adzukulu anabwera ndi makasu, ndipo mkulu wawo anakokera Kaduya pambali.

"Pepani, bambo. Ndi mayi aja?"

"Ayi, ali moyo. Ndi ana."

"Ana ake a yani? Tikumbe manda angati?"

"Musakumbe. Ingokhalani nafe."

Adzukuluwo anakhala pansi makasu ali m'manja, osadziwa ngati achoke kapena atsale. Kaduya anafotokoza, ndipo nkhani inayenda kuchoka pakhutu ili kupita pa ilo. Ena anamva, ena anangopukusa mitu. Ali mkati mofunsana, m'nyumba munamveka mawu osasa, aang'ono poyamba, kenaka anakula mpaka agalu anayamba kuuwa. Nachisale anatuluka chokwawa, akutchula ana ake mmodzimmodzi, ndi ena amene anthu anali asanawamvepo.

Mayi wina anathamanga kuti amutontholetse, dzanja lili m'mwamba. Amake Sitola analigwira dzanjalo.

"Musiyeni. Ine ndinamugwira pakamwa, ndinatsala pang'ono kumuika m'manda."

Analira mpaka dzuwa linapendeka. Mtsikana woyembekezera uja ndiye anabwera ndi phala, nagwada, n'kunena kuti, "Idyani, amake Ulemu." Nachisale anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka analandira mbaleyo.

Mwana sanabwere m'nyumba imeneyo, musayembekeze zimenezo. Ndipo mpaka lero alipo amene amafunsa kuti tsiku lija analira maliro a yani. Koma kuyambira pamenepo anthu amati, "Wolira samugwira pakamwa." Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene zamuwawa timamulola anene zonse, ngakhale zimene ife sitikuzimvetsa. Chimene wataya akuchidziwa ndi iye, ndipo si chilichonse chotayika chimene chili ndi manda oti n'kukulozerani.