Tambala wa Apongozi

Panali munthu wina amene ntchito itamuthera m'tauni anakakhala kwawo kwa mkazi wake. Dzina lake anali Kwenda, mkazi wake Nankhoma. Kumudziko anali mkamwini, ndipo mkamwini wofika ndi sutikesi yokha anthu amamuyang'ana kuyambira kumapazi. Kulima sankatha, khasu linkangomutulutsa matuza. Koma pakamwa, aa, pamenepo Mulungu sanamumane.

Tsiku lina anabwera ndi misoti inayi yakuda ya mikolongwe, nkhuku zamakono zija, atayimangirira pa njinga. Nkhuku iye ankaidziwa ili m'mbale basi. Wogulitsa anamuuza kuti misotiyo idakali yaing'ono, adikire, koma Kwenda nthawi imeneyo anali kumvetsera mawu ake omwe. Anamanga khola kuseri kwa nyumba, nayala udzu m'zisa, n'kuyamba kulengeza. Pa bawo analengeza, pa chigayo analengeza, ngakhale pa maliro ananong'oneza yemwe anakhala naye pafupi kuti mwezi usanathe mudzi wonse utopa ndi mazira.

Apongozi ake, amai a Nankhoma, chaka chimenecho chitopa chinawaseserera khola lonse. Anangopulumutsa thadzi limodzi ndi tambala mmodzi wofiira, amene ankagona naye m'nyumba matendawo ali mkati. Atamva za nkhuku zamakono, anatumiza tambalayo ku khola la mkamwini, kuti mazira akayamba adzatengeko mbewu, khola lawo lidzukenso.

Mwezi unatha. Misoti inkadya gaga, kumwa madzi, kusamba fumbi. Dzira ayi. Kwenda ankalowa m'khola m'mawa, masana, madzulo, kupisa dzanja m'zisa, kuigwira misotiyo kuiyang'ana kumbuyo ngati kuli chitseko. Pa bawo anzake anayamba kumufunsa: "AKwenda, tibwere ndi dengu kapena tikoke ngolo?" Iye ankaseka nawo, koma makutu akutentha.

Ndiye tsiku lina dzuwa likuswa mtengo anavala jekete. Anapalasa njinga kupita kumsika wakutali kumene sankamudziwa, nagula mazira a ku famu, aja amaikidwa m'mathireyi. Anawabisa m'matumba a jekete, nabwerera akupalasa mwaulemu ngati wanyamula wodwala. Mkazi wake ali kudimba, anawaika m'zisa.

Nankhoma atawapeza analulutira mudzi wonse n'kumva. Kenaka anaima, dzira lili m'manja.

"Koma aKwenda, nkhuku zanuzi bwanji sizitetera? Nkhuku ikaikira imasokosa."

"Zimenezo ndi za kumudzi," anatero Kwenda. "Izi n'zamakono. Zimaikira mwaulemu."

Usana umenewo dzira lokazinga linamuvuta kumeza. Koma pa bawo atamupatsa mpando, linatsika. Patapita masiku anavalanso jekete. Navalanso.

M'mawa wina apongozi anafika. Anagwada patali pafupi ndi nkhokwe, nkhope atayang'ana kumbali monga amachitira apongozi, nalankhula kudzera kwa mwana wawo.

"Nankhoma, uwauze akamwini kuti thadzi langa layamba kufuna kukhalira. Andigawireko mazira awo aja, ndione anapiye ndisanafe."

Kwenda anali atanyonyomala pakhonde. Za nkhuku sankadziwa zambiri, koma chimodzi ankachidziwa, pakuti wogulitsa mazira anamuuza akuseka: nkhuku za ku famu tambala sizimudziwa n'komwe, mazira ake ndi a m'poto basi. Anatsegula pakamwa.

"Uwauze amai asankhe akuluakulu," anatero.

Thadzi linakhalira. Linali thadzi lokhulupirika, lotsika pa chisa kamodzi patsiku, kujompha pang'ono, kubwerera likuthamanga. Apongozi ankaliikira madzi pafupi, kulithira phulusa kuti utitiri usalivute. Kwenda anasiya kudutsa njira ya kwa apongozi. Popita kumjigo ankazungulira kuseri kwa tchalitchi, anthu namayesa kuti wayamba kupemphera.

Masabata atatu a nkhuku anakwana. Mwanapiye ayi. Apongozi anatumiza funso, ndipo yankho linapita loti mazira amakono amachedwa pang'ono. Thadzi linapitiriza. Linaonda mpaka chifuwa kutuluka ngati mpeni, nthenga zapamimba kuthothoka. Kenaka tsiku lina masana dzira limodzi linaphulika, fungo lake n'kutulutsa anthu m'nyumba. Apongozi anatenga otsalawo nawaswa limodzilimodzi kudzala. Onse osukusa. Munalibe ngakhale kamtsempha kosonyeza kuti china chake chinayamba.

Anabwera kunyumba kwa mkamwini, nagwada pamalo pomwe paja. Sanakalipe. Anaweruza mlandu monga anauonera.

"Thadzi langa lakhalira, ndaliona ndi maso anga. Misoti ya akamwini ikuikira, mazira tikudya. Ndiye wolakwa ndani? Ndi tambala wangayu. Chitopa chinamusiya moyo koma chinamutengera mphamvu. Wangotsala kulira kokha. Ndawachititsa manyazi akamwini powabwereka gojo."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Nankhoma, uwapemphe andiphere. Mwamuna pakhomo pano ndi iwo. Tidye, ndiwapepese."

Nankhoma anagwira tambala uja nabwera naye, pamodzi ndi mpeni. Kwenda anapita naye kuseri kwa nyumba. Anaponda mapiko ndi phazi limodzi, miyendo ndi phazi linalo. Tambala anamuyang'ana ndi diso limodzi, lofiira, losaphethira. Mawu anakwera mpaka pakhosi. Anali mawu ochepa, oti mwana angawanene: misoti sinayambe, mazira ndinkagula. Anacheuka. Apongozi anali pomwe paja atawerama, Nankhoma akusonkha moto, ndipo kumpanda kunali mitu iwiri ya anansi.

Anadula.

Tambala ali pamoto, fungo litayamba kumveka, m'khola munabuka phokoso limene pakhomopo anali asanalimvepo. Msoti umodzi unali kutetera, kutetera zenizeni, ngati wauza dziko lonse kuti libwere lidzaone. Inzake inayankha. Nankhoma anasiya chipande nathamangira kumeneko.

Anabwerera akuyenda pang'onopang'ono. M'dzanja munali kadzira kakang'ono ngati ka nkhunda yonenepa, kofunda, kali ndi kamzere ka magazi. Sanapite kwa mwamuna wake. Anapita kwa amai ake, nagwada.

Apongozi anakatembenuza kadzirako. Mkazi aliyense amene anawetapo nkhuku amadziwa dzira loyamba la msoti.

"Uwu wayamba lero," anatero.

Nankhoma anayang'ana jekete lomwe linali pa chingwe. Kwenda anayang'ana nthenga zofiira zimene mphepo inkaziyendetsa pabwalo, imodzi n'kudzakakamira pa chala chake cha kumwendo. Anafuna kuti nthaka ing'ambike, koma nthaka ya mwezi wa Okutobala ndi youma.

Ndiwo zitapsa, apongozi anapakula okha. Anasankha ntchafu yaikulu ndi nthutumba, naziika m'mbale ya alendo. Ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo, anatembenuka nayang'ana mkamwini kumaso.

"Nankhoma, apatse akamwini adye bwino. Atopa awa. Aikira mazira miyezi iwiri popanda wowathandiza."

Mitu ija kumpanda inazimiririka, ndipo dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika ku bawo. Kwenda anakhala ndi mbale ija pamiyendo mpaka msuzi unagwirana. Apongozi anapita kwawo atanyamula kadzira kaja m'chitenje, kukaona thadzi lawo limene linali litasiya ngakhale kuimirira.

Misoti ija inaikiradi pambuyo pake, mazira ambiri, abwino. Koma m'mudzimo mpaka lero, munthu akagula dzira kwa Kwenda amayamba wafunsa kaye kuti, "Ili n'la nkhuku kapena n'lanu?"

Tsono inu mukusekanu, sekani, koma mupisenso dzanja m'matumba a jekete lanu. Kunena kuti "zanga sizinayambe" kumawawa, inde, anthu a pa bawo aseka mpaka mawa, mkuja aiwala. Koma bodza mukaliika m'chisa, wina wosalakwa ndiye amalikhalira, winanso n'kulifera. Mwina pamene mwakhalapo pali tambala wa munthu wina pansi pa phazi lanu, mpeni uli m'manja. Mawu aja ndi ochepa. Anenani tambalayo adakali kukuyang'anani.