Nguluwe Pasikelo ya Ana

Kalekale, ana inu, nanunso akuluakulu amene mukusinza kumbuyoko, mvula inathawa m'dziko la nyama. Chimanga chinauma chisanabereke. Ana a Gologolo, ana a Fulu, ana a Nkhanga, onse mimba zinatupa, timiyendo ngati tizitsotso. Ngakhale chibisalirano analeka.

Tsiku lina kumwamba kunamveka phaphapha, phaphapha. Anali adokowe, mbalame za kutsidya kwa nyanja, atasenza matumba a ufa wa soya. Mtsogoleri wawo anati, "Ufawu ndi wa phala la ana. Ana okha. Akulu pirirani pang'ono, tikubweretserani mbewu."

Anasankha mayi Sakhwi kuti akhale wophika. Mukumudziwa Sakhwi, kanyama kangati mbewa, kamphuno katalitali. Anaphika mumgolo, ana anadya mpaka kunyambita mbale, nthungululu zili lululu.

Fungo linakafika kwa Nguluwe, chimkulu cha mimba ngati nkhokwe. Kutacha, Sakhwi anangoona pamzere wa ana paima chimwana, chitamanga thewera la saka, chiboda chili kukamwa.

"Nyee, nyee, phala," chinatero.

"A Nguluwe, si inu munakwatitsa mwana wanu chaka chathachi?" anafunsa Sakhwi.

"Amenewo ndi bambo anga. Timafanana."

"Nanga ndevuzo?"

"Kwathu timabadwa nazo."

Dokowe, poti anali mlendo wosadziwa nyama za kuno, anamva chisoni. "Mwana ndi mwana, mayi. Mpatseni."

Kumpatsa mbale, Nguluwe anaikankhira uko. Mutu wonse mumgolo, khwapu, khwapu, khwapu. Phala lonse psiti. Mawa lake khwapu. Mkuja wake khwapu. Ana ankabwerera ndi mbale zouma, ndipo kamwana ka Fulu kanafooka mpaka kulephera kutulutsa mutu m'chigoba.

Sakhwi mtima unamuwawa. Kumenyana naye sakanatha, chiboda chimodzi chikanamusandutsa chigumu. Anathamangira kwa namwino wa m'deralo, mayi Nungu, kenako khomo ndi khomo kwa amayi anzake, nong'onong'o, nong'onong'o.

M'mawa anakwera pachulu nalengeza, "Lero ndi tsiku la sikelo. Mwana aliyense ayezedwe kaye. Wolemera kuposa onse alandira mphika wakewake."

Nguluwe malovu chuu.

"Iwe wa thewera, bwera kuno," anatero Sakhwi.

"Ukuti iwe kwa ndani?" Nguluwe anabangula ndi mawu a bambo. Kenako anakumbukira. "Nyee, nyee, ndikubwera."

Sikelo ija inali yopachika panthambi ya mkuyu, ndi chingwe komanso kabudula wolowetsamo mwana. Kabudula wa chimwanachi amayi anali atamusoka ndi masaka atatu. Nguluwe analowetsa miyendo yekha, akumwetulira. Amayi onse anagwira chingwe, Sakhwi nayambitsa nyimbo:

"Kokani, kokani, mwana wathu wakula,
Kokani, kokani, wakula ndi ndevu."

Anakoka, anakoka, Nguluwe m'malere lendee. Chingwe anachimanga kutsinde ndi mfundo zitatu.

Pamenepo Sakhwi anavundukula mgolo nayamba kugawa phala, pansi pomwepo pamene Nguluwe ankalendewera. Nthunzi inkangomulowa m'mphuno.

"Nanga mphika wanga?"

"Katemera kaye, mwanawe. Ndi lamulo la kusikelo."

Mayi Nungu anabwera, tswatswa, tswatswa. Ana ena onse anawabaya ndi kaminga kakang'ono, osamva n'kuwawa komwe. Atafika pa Nguluwe anayang'ana m'mwamba, napukusa mutu, nasolola munga wautali kuposa yonse ya kumsana kwake.

"Mwana wamkulu, jekeseni wamkulu," anatero. "Ndipo ameneyu anaphonya atatu."

Anakwera pamtondo. Pathako, jubu.

"Mayo ine! Nditsitseni, sindine mwana. Ndili ndi adzukulu asanu ndi mmodzi!"

"Mwati bwanji, bambo?" anafunsa Sakhwi. "Alendo athu sanamve."

"Ndine nkhalamba. Mano a m'kati anatha kale."

Ana anagubuduka ndi phwete, phala lili m'kamwa. Ngakhale kamwana ka Fulu kanatulutsa mutu kuti kaone. Dokowe mulomo unangoti yasa.

Anamutsitsa atalonjeza kulipira phala la masiku atatu. Sakhwi anamulozera dambo la kumunsi. "Mulime dimba la anawa, kuti alendo akadzabwerera kwawo tisadzayang'anenso kumwamba."

"Khasu lili kuti?"

"Mphuno yomwe munkakumbira mumgolo ija."

Nguluwe anafukula, anafukula, dambo lonse. Mbewu zitafika amayi anabzala soya, maungu ndi mbatata, ana ananenepa mpaka kuthyola nthambi za mkuyu ndi katungwe. Nguluwe mpaka lero akanafukulabe nthaka ndi mphuno, ndipo akangomva tswatswa m'tchire amabisa thako.

Nthano yanga yathera pompa, wina aphule mbatata ija isanapserere. Koma inu a ndevu, musanatambasule dzanja kumbale ya mwana, yambani mwafunsa ngati namwino ali pafupi.