Mmene Timapalirira Munda wa Eni

Panali munthu wina, mkulu wa mpingo, amene pemphero lake linkagwetsa anthu misozi. Akaimirira kutsogolo Lamulungu atavala jekete yake yotuwa, ngakhale ana osokosa ankakhala chete. Pakamwa pokhapo, abale, Mulungu anamupatsa.

Munthuyu analinso ndi khasu, ndipo khasulo linkadziwa mapaliridwe awiri. M'munda mwake ankazula kapinga ndi mizu yomwe, n'kumukutumula dothi, n'kumugoneka mizu ili m'mwamba kuti dzuwa limuwotche. Koma akapita kuganyu, ankapalira bwino mizere ya m'mbali mwa njira yokha. Akalowa mkati ankangokokera dothi pamwamba pa udzu n'kukwirira. Mwini munda akabwera ankaona dothi lakuda bii, n'kuthokoza ndi manja awiri. Mvula ikangogwa, kapinga ankadzuka ngati wathiridwa feteleza, mwini munda n'kumadandaula kuti nthaka yake ndi yoipa.

Anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, dzina lake Yotamu. Kuyambira ali wamng'ono ankapita naye kuganyu, bambo patsogolo, mwana pambuyo ndi kakhasu kake. Bamboyo sananenepo kuti, "Mwananga, uzinyenga anthu." Ayi ndithu, tisamunamizire. Zomwe ankamuuza zinali za Mulungu zokhazokha, ndipo asanayambe ndime ankavula chipewa n'kupemphera. Mwana ankatsinzina nawo. Akatsegula maso ankaona zomwe khasu la bambo ake likuchita.

Yotamu anakula, anatenga mkazi, ndipo bambo ake anamudulira munda wakewake kutsidya kwa khwawa.

Chaka china, chimanga chili m'maondo, mkulu uja anagwa pa njinga n'kuthyoka mwendo. Anagona pamphasa ndi pulasitala, kunja mvula ikugwa, udzu ukukula. Mkazi wake anali wodwaladwala, ndipo chakudya chawo cha chaka chonse chinali m'munda umodzi womwewo. Anaitana Yotamu.

"Mwananga, ukandipalirire, chimanga chija chingafe."

"Musadandaule, bambo."

Mnyamatayo anamaliza msanga modabwitsa. Anthu a mpingo akabwera kudzazonda, mkulu uja ankaiwala ululu wa mwendo n'kuyamba kudzitama. "Ameneyu ndi magazi anga," ankatero. "Khasu ndinamuphunzitsa ndekha."

Atamuchotsa pulasitala, sanafune kukaona munda yekha. Anatenga akulu anzake a mpingo kuti akaone nawo ntchito ya mwana woleredwa m'nyumba ya mapemphero. Anayenda motsimphina ndi ndodo, akulankhula njira yonse.

Mizere ya m'mbali mwa njira inali yoyera, chimanga chili chobiriwira. Mkulu uja anamwetulira n'kuwatsogolera mkati. Kumwetulirako sikunapite patali. Mkatimo kapinga anali atayanga mzere uliwonse, ndipo chimanga chinali chachikasu, choonda ngati bango, chitamasula kale ngayaye chili chachifupi. Nthawi yochipulumutsa inali itadutsa. Atakweza maso anaona munda wa Yotamu kutsidya kwa khwawa uli wobiriwira mpaka kumapeto.

Mtima unamuwira. Anaitanitsa Yotamu, ndipo atafika anamukalipira pamaso pa akulu aja.

"Iwe, Mulungu umamuopa koma? Ukufuna ine ndi mayi ako tidye chiyani? Ntchito yachinyengo yotereyi anakuphunzitsa ndani?"

Yotamu sanayankhe mwamwano. Anangodabwa, ngati munthu amene akukalipiridwa chifukwa choyenda m'njira yomwe amayendamo tsiku lililonse.

"Bambo, inetu ndapalira mmene timapalirira munda wa eni. Uno ndi wanu. Wanga ndi uwo kutsidyako, ndipo kumeneko ndinazula."

Mmodzi mwa akulu aja anali bambo wina wachikulire amene kwa zaka zambiri ankapatsa mkulu ameneyu ganyu m'munda mwake. Anafukula mzere ndi chala cha kuphazi, n'kuona kapinga wakale ali mkati, mizu yake ili yamoyo. Anayang'ana mnzakeyo, osati mwaukali, koma momvetsa chisoni.

"Ndiye kuti nthaka yanga ija sinali yoipa," anatero motsitsa mawu.

Manyazi amene anagwira mkulu uja anaposa ululu wa mwendo wothyoka. Analakalaka dothi lomwelo likanamukwirira iyeyo. Njala ya chaka chimenecho anaiona ikubwera, koma chinamupweteka kwambiri n'chakuti mwana wake sankadziwa n'komwe kuti walakwa. Ndiponso mawu akuti "eni", amene kale ankanena anthu ena, tsopano ankanena iye.

Anaponya ndodo pansi, anagwada movutikira pakati pa mizere, n'kuyamba kuzula kapinga ndi manja.

"Musiyeni mwanayu," anatero osadzutsa mutu. "Udzu uwu ndinakwirira ndine."

Yotamu anaima kanthawi akuyang'ana. Kenako anagwada pambali pa bambo ake, nayenso n'kuyamba kuzula. Chimanga cha chaka chimenecho sichinadzukenso.

Inu amene mukundimvera, Mulungu amene mumamuimbira Lamulungu saima panjira poyang'ana munda, amalowa mpaka mizere yamkati. Mwana wanunso amalowa nanu mkatimo. Mapemphero anu amawamva, inde, koma chomwe adzatenge ndi cha m'manja mwanu: mmene mumasokera diresi ya munthu wina, mmene mumasakanizira simenti ya nyumba yomwe simudzagonamo. Tsiku lina mwendo udzakana, maso adzachita mdima, ndipo munda wa eni umene mwanayo adzaitanidwe kukapalira udzakhala wanu.