Nkhuku Yochedwa Kupsa

Kalekale, magalimoto akadali owerengeka, a Kamphinda ndi akazi awo anapita kutchuthi m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Tsiku lobwerera anamangirira pamwamba pa galimoto njinga yatsopano imene anagula paulendowo, ndipo anaima pa kalesitanti ka mayi Nabiyeni kuti adye nkhomaliro. Kalesitantiko kanali pafupi ndi mlatho, ndipo njira ya kwawo inali yokhayo.

Kuphiri kunali kutada bii. Pakhonde panakhala a Makwinja, mkulu wogulitsa nanazi. "Bambo, musawoloke lero," anatero. "Madzi afiira, ndipo akutsika ndi nthambi zaziwisi. Kumtundaku kwagumuka." A Kamphinda, pokhala munthu wa m'tauni wodziwa zonse, anangoseka. Koma akazi awo mawuwo anawalowa, mtima wawo sunakhalenso m'malo.

Atalowa, a Kamphinda anafunsa ngati nkhuku inalipo yakupsakupsa. "Yangotsala pang'ono, bwana, khalani pansi," anayankha mayi Nabiyeni. Linali bodza la masanasana. Nkhukuyo nthawi imeneyo inali ikupalasa kuseri kwa khitchini, koma mayiwo sanafune kuti alendo a galimoto akadye kwina. Anaithamangitsa, kuipha, kuisosola, uku akubwera ndi tiyi ndi nthochi zowanyengerera. Linatha ola lathunthu, mabingu akuyandikirayandikira.

Chakudya chitafika, a Kamphinda anadya ngati akuthamangitsidwa. Akazi awo, pokumbukira mawu a mkulu uja, anadya mwachifatse, kukukuta fupa lililonse, kenako n'kupemphanso tiyi wina. "Kodi mukufuna tigone pano?" anafunsa amuna awo, nkhope itachita tsinya. Koma akazi awowo anangopitiriza kumwa tiyiyo pang'onopang'ono.

Potuluka, anapeza lole ya matabwa itawatsekera njira. Dalaivala wake, Mapwesera, anaiimika mosasamala n'kupita kukasewera bawo. A Kamphinda anaimba hutala mpaka kutopa. Mapwesera anabwera mokoka miyendo, akudandaula kuti amusokoneza masewera.

Lole itangosuntha, a Kamphinda analiza galimoto n'kuloza kumlatho. Atatsala mikono makumi awiri, kunamveka mkokomo ngati sitima. Napolo anatsika ndi miyala ndi mitengo, ndipo mlatho wonse unapita iwo akuona. Anatuluka m'galimoto n'kukhala pansi m'matope momwemo. Akanafulumira ndi kamphindi chabe, bwenzi ana awo ali amasiye.

Mantha atachepa, a Kamphinda anabwerera kukalesitanti kuja n'kumasula njinga ija. "Ndilibe china chothokozera," anatero. "Amene watipulumutsa atenge."

"Ndi yanga," anatero mayi Nabiyeni. "Ola lonse lija ndinakusungani ndine."

"Mayi, ola lanulo likanawapha," anayankha Mapwesera. "Mukanawapatsa chakudya msanga, akanawoloka madzi asanafike. Mphindi yomalizayo ndi ya lole yanga."

A Makwinja anapukusa mutu. "Inu munanama, ndipo iwe unali pa bawo. Amene ankaganiza za moyo wa anthuwa ndine ndekha. Popanda mawu anga, akazi a bambowa akanadya msanga."

"Akanadya msanga, tikanawolokanso bwinobwino," anatero a Kamphinda motsitsa mawu. Zinaoneka kuti atatuwo anawachedwetsa mpaka kuwafikitsa pakamwa pa imfa, koma atatu omwewo anawachedwetsa mokwanira kuti imfayo iwaphonye.

Mvula inayamba kugwa, njinga ili chiimire pakati pawo, aliyense dzanja lili pa handulo kapena pa chishalo. Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, muweruze. Njingayi apatsidwe ndani: mayi amene ananama pofuna malonda, dalaivala amene sanasamale za anzake, kapena mkulu amene ananena zoona koma n'kusekedwa?